Funso limene linandigwetsa ku Toledo

Pali mafunso ena oti ngakhale mwana wa sitandade 3 angayankhe osakanda m'mutu. Koma limodzi mwa mafunso oterewa linandigwetsa ine, munthu wandevu zanga, mumzinda wa Toledo m'dziko la Spain.

Munali m'chaka cha 2019 pamene akuntchito anatitumiza ku msonkhano ku Madrid. Loweruka anatimasula kuti aliyense aone kolowera. Anzanga anathamangira m'masitolo kukagula nsapato za ana. Ine ndinakwera sitima pa siteshoni ya Atocha, ndipo patangotha theka la ola ndi timphindi tochepa ndinatsika ku Toledo.

Abale anzanga, kuyenda n'kuona. Mzinda uja unamangidwa pamwamba pa phiri, ndipo mtsinje wa Tajo unauzinga mbali zitatu ngati nsato pachulu. Timisewu take n'tamiyala, topanikizika, moti galimoto ikamabwera umachita kudziphatika kukhoma ngati buluzi.

Amene ankatiyendetsa anali mkulu wina waimvi, wodziwa Chingerezi. Anationetsa kamzikiti komangidwa mu 999, kamene kanasandutsidwa tchalitchi mfumu Alfonso VI italanda mzindawu kwa Asilamu mu 1085. Anatilowetsa mu Santa María la Blanca, imene poyamba inali sunagoge, nkutiuza mosabisa kuti mu 1492 Ayuda onse okana kubatizidwa anapirikitsidwa m'dzikomo. Anatiimika patsogolo pa chitchalitchi chachikulu chimene anayamba kumanga mu 1226. Anatinso mu 1561 mfumu Philip II inasamutsira likulu ku Madrid, Toledo n'kutsala ndi miyala yake. Lero miyala yomweyo ndiyo ikudyetsa ana awo.

Ine ndinkangolemba m'kabuku ngati mwana wasukulu, osaphonya chaka n'chimodzi chomwe.

Titatha kuzungulira, tinakhala pansi kumwa khofi. Apa m'pamene mkulu uja anandiyang'ana n'kufunsa: "Nanga ine nditabwera kwanu, mungakandionetse chiyani?"

Ndinatchula nyanja ndi phiri la Mulanje. Anapukusa mutu. "Ayi, ndikunena kumene munabadwira."

"Aaa, ku Ntcheu kulibe kanthu," ndinatero uku ndikuseka. "Kuli mbatatesi, kabichi ndi tomato basi."

Iye sanaseke. Anangoti: "Kodi kwanuko sikunafepo anthu?"

Mawu aja anandilowa ngati minga. M'sitima pobwerera sindinaonenso minda ya ku Spain. M'maso mwanga munali agogo anga aamuna, atakhala pachikumba, chibonga chili pambali, akuwotha moto m'mwezi wa June kumudzi kwathu kumtunda kwa Ntcheu.

Agogo ankakonda kusimba za Inkosi Gomani Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, imene asilikali a atsamunda anaipha mu October 1896. Ankati nthawi imeneyo amayi awo anali kamtsikana, ndipo anathawira kuphiri n'kubisala m'phanga masiku angapo, midzi ikupsa kumunsi. Ankasimbanso zimene anaona okha mu 1953, pamene Inkosi Philip Gomani inakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, boma la atsamunda n'kuichotsa paufumu ili yodwala. Inamwalira chaka chotsatira, mu 1954.

Nanga ine ndinkatani? Ndinali mnyamata wa ku sekondale, mutu utadzaza Napoleon ndi Bismarck. Tsiku lina ndinawadula pakamwa: "Agogo, zimenezo sizibwera pamayeso."

Sanakalipe. Anangosonkheza moto n'kuti: "Chabwino mdzukulu, pita ukawerenge za eni ake."

Agogo anatisiya mu 1998. Sindinalembepo ngakhale mzere umodzi wa zimene ankanena. Taonani tsono, ine yemweyo ndinali nditawoloka nyanja, n'kulipira ndalama yangayanga, kuti ndikalembe m'kabuku mbiri ya mafumu a eni ake. Akuluakulu sananame kuti mawu a akulu akoma akagonera.

Nditabwerako ndinapempha tchuthi. Msewu wa M1 ndauyendapo kosawerengeka pakati pa Blantyre ndi Lilongwe. Ndimatsika pa Lizulu ndi pa Tsangano kugula ndiwo, ndimadumphira tsidya lina la msewu n'kunyadira kuti ndaponda Mozambique. Koma pamanda a Gomani ku Nkolimbo, pamene Angoni a Maseko amasonkhana chaka ndi chaka pamwambo wa Umhlangano, ndinali ndisanapondepo phazi. Ku Nzama, kumene ansembe a Montfort anatsegula mishoni yawo yoyamba m'dziko muno mu 1901, ndinkangokumva m'kamwa mwa anthu.

Nditauza kondakitala kuti anditsitse, anadabwa. "Akulu, pano? Kuli zovuta kapena?"

"Ayi, ndikukaona manda a mfumu."

Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, n'kumenya chitseko kuti galimoto ipite.

Ndinaima pamandapo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Panalibe tikiti, panalibe khamu la alendo ojambula zithunzi. Kunali mphepo ya ku Ntcheu yokha ndi mbuzi zikudya chapatali. Koma zimene ndinamva pamenepo sindinazimve m'tchalitchi chachikulu cha Toledo, pakuti apa panagona munthu amene imfa yake inathamangitsira magazi anga kuphanga.

Madzulo ndinafika kumudzi kwa azakhali, mwana wa agogo yekhayo amene watsala. Ndinatulutsa kabuku komwe kaja ka ku Spain, n'kutsegula masamba amene anatsala.

"Azakhali, phanga lija anabisalamo agogo anu, linali phiri liti?"

Anakhala chete, akuyang'ana kumapiri. Kenaka anati: "Bambo, mwachedwa. Amene ankalidziwa ndi aja munkawathawa aja."

Komabe anandisimbira zimene akukumbukira, za maukwati, za njala ya 1949, za mayina a makolo mpaka mibadwo inayi. Ndinalemba mpaka batire la tochi linatha.

Kabukuko ndikusunga. Kumayambiriro kuli Alfonso VI ndi zaka zake zonse bwinobwino. Kumapeto kuli ife, ndipo pamzere umodzi ndinasiya mpata wa dzina la phiri. Inu amene agogo anu akadali moyo, musadikire kuti mzungu waimvi adzakufunseni kaye.