Chikho cha ku Qatar ndi Feteleza wa ku Chidzolomondo

Sitidzaiwala Lamulungu la pa 18 Disembala 2022. Tinasiya makasu athu atatsamira nkhokwe, tinapita kumsika wa kuno ku Chidzolomondo, n'kupereka mametikali pakhomo la nyumba ya kanema kuti tione masewero otsiriza a chikho cha mpira cha dziko lonse. Argentina ndi France anafanana zigoli 3 kwa 3, ndipo Argentina inapambana pamapenate. Tinakuwa mpaka mawu kusasa, ngati kuti Messi ndi mphwathu.

Chisangalalocho sitikuchinyoza, pakuti mpira umaseketsa ngakhale anthu amene anayambana pa malire a munda. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taonani chuma chimene chinali kuseri kwa kanemayo. Bungwe la FIFA linapeza madola 7.5 biliyoni m'zaka zinayi zofika ku chikhocho. Matimu anagawana madola 440 miliyoni, ndipo Argentina yokha inatenga 42 miliyoni. Dziko la Qatar linakonza mabwalo 8, ambiri a iwo okhala ndi makina oziziritsa mpweya m'chipululu, chifukwa cha masewero osakwana n'komwe mwezi umodzi. Amene ananyamula simenti ndi zitsulo anali alendo osauka ochokera ku Nepal, India, Bangladesh ndi kwina. Mkulu wa okonza chikhocho, Hassan al-Thawadi, anavomera yekha kuti anthu pakati pa 400 ndi 500 anamwalira pa ntchito zokonzekera. Ife amene tili ndi abale olowera ku Joni tikuudziwa ululu wa maliro obwera m'bokosi kuchokera kutali.

Koma tisaloze chala kutali kokha. Ndalama za FIFA sizigwa ngati mvula. Zimachokera kwa ogula ufulu woonetsa masewero ndi otsatsa malonda, ndipo iwo amazitolera kwa oonerera ngati ife. Mwezi umenewo ndi wobzala ndi kuthira feteleza. M'banja mwathu momwe, mnyamata wina anabetcha pa foni ndalama ya thumba la feteleza, pokhulupirira kuti France ipambana. Sitinamukalipire kwambiri, chifukwa tonse tinali titamva za kubetchako n'kukhala chete, maso ali pa kanema. Chimanga cha m'munda umenewo chinachita chikasu, ndipo pofika Januwale wa chaka chotsatira amayi ake ankayenda ndi lichero kukapempha ufa.

Chotero m'nyumba mwathu tinapangana izi: mpira tidzaonera ndithu, pamodzi, akulu ndi ana, koma ndalama ya mbewu, ya feteleza ndi ya sukulu idzayamba yafika kumene ikuyenera, ndipo foni yobetchera sitidzaiyang'ana mwakachetechete. Osewera aja akaimba wenzulo womaliza amakwera ndege. Ife timabwerera mumdima, kudutsa m'mphepete mwa minda yathu.