Mgolo wa Madeya ku Unit C

Ku Unit C, m'dera la Seke mumzinda wa Chitungwiza, kuli mkulu wina amene amadzuka kusanache n'kusonkha moto pansi pa theka la mgolo. M'menemo amaphika madeya osakaniza ndi mafupa, ndipo pamene makombi opita ku Harare ayamba kuitana anthu, agalu ake asanu ndi awiri amakhala atadya kale. Palibe galu amene mkuluyu anagula. Wina anamutola m'ngalande ali kamwana, wina anasiyidwa ndi banja lomwe linasamukira ku Johannesburg, wina anangofika yekha waya uli m'khosi.

Anthu a mumsewumo amati amakonda agalu. Koma mwana wake wamkazi, mwini nyumbayo, amadziwa kuti nkhaniyi inayambira pa nkhumba.

Mkuluyu anabadwira pafamu ina kufupi ndi Marondera. Bambo ake anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1940, monga anachitira amuna ambiri a ku Nyasaland odzafuna ntchito m'minda ya fodya. Iye anakulira m'makola a nkhumba ndipo ndi momwe anagwira ntchito mpaka 2002, pamene famuyo inalandidwa pa kugawa malo komwe kunayamba mu 2000. Antchito anauzidwa kuti achoke. Pampu ya madzi inali itazima, ndipo nkhumba, poti siituluka thukuta lokwanira kuiziziritsa, siipirira ludzu m'nyengo yotentha. Pomanga katundu wake, ankazimva zikulira. M'zaka zimenezo oyendera a bungwe la ZNSPCA, motsogozedwa ndi Meryl Harrison, ankazungulira m'mafamu kupulumutsa ziweto zosiyidwa, koma mbiri ya khola lakelo siinam'peze. Iye mwini analibe mudzi wopitako. Chitupa chake chinali cha mlendo ngakhale sanapondepo ku Malawi, ndipo zinatengera malamulo aakulu a dziko a 2013 kuti anthu onga iye, obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko oyandikana nalo, awerengedwe kuti ndi nzika.

Chichewa chili ndi liwu limodzi, nyama, lotchulira cholengedwa choyenda m'tchire ndi ndiwo ya m'mbale. Chishona chomwe adzukulu ake amayankhula chimasiyanitsa: yamoyo ndi mhuka, yophika ndi nyama. Liwu lakuti chiweto nalo lili ndi chiyembekezo m'kati mwake, pakuti munthu amaweta kuti tsiku lina adzadye, adzagulitse kapena adzalipire mlandu. Galu amalipira ndi ulonda, bulu ndi msana, nkhumba ndi thupi lake lonse. Malo osungirapo nyama yomwe siidzabweza kanthu mpaka ife ndi ukalamba alibe dzina lakelake m'chinenero chathu, ndipo mwina n'chifukwa chake anansi amavutika kumvetsa zomwe mkuluyu amachita.

Malo otere alipo. Ku Goromonzi, kum'mawa kwa Harare, kuli Twala Trust, yomwe Sarah Carter ndi anzake amayendetsa ndi zopereka za anthu akufuna kwabwino. Kumeneko amasunga nyama zakutchire ndi ziweto zopulumutsidwa, ndiponso amadyetsa ndi kuchiza agalu a m'midzi yozungulira. Vuto la malo aakulu ngati amenewo ndi lomwelo la bwalo laling'ono la ku Unit C: mphatso imabwera tsiku lomwe wopatsa wakumbukira, pamene njala imabwera tsiku ndi tsiku. Mkuluyu amadalira wogulitsa nyama wina wa pa Makoni amene amam'sungira mafupa, mwini chigayo amene amam'sesera madeya, ndi amayi ena a kutchalitchi amene nthawi zina amam'patsa dola ya katemera wa chiwewe. Mmodzi akadwala kapena akaiwala, mgolo umakhala wozizira.

Chaka cha 2008 ndicho chinamuyesa. Ndalama inasanduka mapepala, m'masitolo munalibe ufa, ndipo mu Ogasiti kolera inabuka m'Chitungwiza momwemo, mliri womwe unapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse. Madeya omwe kale ankatayira ziweto, anthu anayamba kuwapera n'kuphika nsima. Madzulo ena mwana wake anam'peza akukoleza moto ndipo anati: "Ababa, adzukulu anu agona ndi phala lokha. Madeyawo mukuphikira agalu?"

Mkuluyo sanayankhe. Anazimitsa moto, nanyamula thumbalo kulowa nalo m'nyumba. Miyezi imeneyo agalu ake awiri anafa, ndipo anawakwirira yekha kuseri kwa nyumba. Mpaka lero sanena kuti mwana wake analakwa, pakuti amadziwa kuti mwana wa munthu ndiye amayamba kudya. Chomwe amakana ndi chakuti munthu akakhuta, zotsala nazo zitayidwe pamene pakhomo pali cholengedwa chomwe anthu omwewo anachizoloweretsa kudya m'manja mwawo. Amati nguluwe ya kutchire imadzifunira yokha, koma nkhumba ya m'khola inaphunzitsidwa kudikira, ndipo wotseka chitseko ndiye mwini mlandu.

Nkhumba sanawetenso, pakuti pakati pa nyumba zothinana za m'tauni palibe poiika. Tsopano wapitirira zaka 70, ndipo mawondo sakumulolanso kuyenda wapansi kukafika ku Makoni. Funso lomwe m'nyumbamo salitchula ndi lakuti adzasonkhe motowo ndani iye akadzagona. Adzukulu awiri ali ku South Africa, ndipo wachitatu agalu amawaopa.

Chaka chathachi chimfine chinam'gwira n'kumugoneka sabata yathunthu. M'mawa wa tsiku lachitatu anamva fungo la utsi, ndipo atasuzumira pawindo anaona mwana wake, chitenje chili m'chiuno, akuvundula mgolo ndi mthiko wautali uja, uku akukalipira agalu m'Chishona kuti adikire. Atalowa m'nyumba, mkuluyo anati: "Mwanawe, wathira mchere? Agalu safuna mchere."

"Ndikudziwa, Ababa," anatero mayiyo. "Gonani. Mawa madeya atha, ndiye mundiuze chigayo chake."