Ndakaona pomwe Bua amathera

 Ena mwakhala mukundikumbutsa kuti nkhani ya ku Nkhotakota ija sindinaifotokozebe. Nayi tsono. Ndi yaitaliko, pezani pokhala.

Ndiyambe ndi kuulula. Geography ndaphunzitsa zaka zoposa 20. Mtsinje wa Bua ndaujambula pa bolodi kosawerengeka, ndi choko cha buluu chikapezeka: kuchokera ku Mchinji, kudutsa m'malire a Dowa ndi Kasungu, kutsetsereka m'nkhalango ya Nkhotakota, mpaka kukathira m'nyanja. Ndinabadwira kufupi nawo, cha ku Madisi, ndipo mlatho wake wa pa M1 ndauoloka kuyambira ndili wa kabudula. Koma kufikira Ogasiti 2024 ndinali ndisanaonepo pomwe umathera. Kunyanja ndinali nditapitako kawiri kokha, konse ku Senga Bay, konsenso ndi ana a Fomu 4. Amene munaperekezapo ana 60 kunyanja mukudziwa kuti madzi suwaona. Umangokhalira kuwerenga mitu.

Kwa ife aphunzitsi tchuthi ndi kupita kumudzi kukaona makolo, kapena kusaka ka part time. Zoti munthu angapite kunyanja kukangokhala basi, timati ndi za azungu ndi mabwana a ma workshop. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, maganizo otere anachita kutheratu.

Ndiye tsiku lina ndikugula ndiwo pa Nsungwi kuno ku Area 25, ndinangomva, "Aphunzitsi!" Kucheuka, bambo wandevu zake ataima pambali pa matumba a usipa. Anali mwana wanga wa sukulu wakale. Nthawi imeneyo ankakhala ndi amalume ake ku Mgona, m'kalasi ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo pa MSCE Geography anapeza 8. Atamaliza anabwerera kwawo, pano ali ndi mabwato awiri ndipo nsomba amabweretsa yekha ku Lilongwe. Titacheza pang'ono anati, "Aphunzitsi, mubwere kwathu ndi amayi, mudzaone Bua weniweni, osati wa pa bolodi uja." Ndinaseka, koma mawuwo anandikhala.

Ife a ku Kanengo tili ndi mwayi womwe sitiuwerengera: msewu wa M14 wopita ku Salima umayambira pakhomo pathu pompano. Tinanyamuka m'mamawa atatu, ine, mayi a kunyumba ndi chitsiriza wathu wa zaka 10. Pa Kamuzu Road tinasintha minibasi n'kulowa M5, kudutsa Benga, kuoloka pa Chia pomwe amayi amakuthamangira ndi nsomba pa windo, mpaka pa boma la Nkhotakota. Za fumbi ndi maenje sindinena, msana wanga ndiwo ukudziwa. Pa boma tinangoima pang'ono kuti mwana aone mtengo womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, kenaka matola kulowera kumpoto, kenakanso kabaza kutsikira kunyanja pakati pa minda ya chinangwa ndi ya mpunga.

Mudziwo ndi waung'ono. Nyumba zili pansi pa mitengo ya mango, kutsogolo kwake mathandala oyanikapo usipa, kenaka mchenga, kenaka madzi mpaka pomwe maso alekezera. Anatipatsa chipinda cha mlongo wake yemwe anali ku sukulu ya unamwino, mphasa ziwiri, matiresi amodzi ndi neti. Choyamba chomwe ndinaona pa gombe ndi mitengo itaima m'madzi, ndi maziko a nyumba ina mafunde akuwamenya. Chaka chimenecho nyanja inakwera kwambiri, moti akuluakulu ankangokumbutsana za 1980. Mu Febuluwale momwemo madzi osefukira anali atasamutsa anthu ambiri ku Dwangwa, kumpoto pang'ono kwa komwe tinali. Mchenga womwe ana ankaseweretsapo mpira unali utamira. Komabe unatsalako wokwanira, woyera bwino, wotentha masana moti wopanda nsapato umachita kudumphadumpha.

Malamulo tinapatsidwa tsiku lomwelo ndi amayi ake a mnyamatayo, ndipo sanawanene moseka. Abambo amasamba uko, amayi uku. Pomwe pali bango osayandikira, ndi pomwe pamakhala nkhono za likodzo. Chakumtsinje osapita wekha, ndipo dzuwa likapendeka osapitako n'komwe, kuli ng'ona. Mwana wanga anamvera zonse kupatula lamulo langa loti atuluke m'madzi. Tsiku lachitatu anali atayamba kuyandama, ana anzake a m'mudzimo atamuphunzitsa. Ine bambo ake, mwini wa ma notes a "Drainage Systems of Malawi", ndinkalekeza m'mawondo.

Ogasiti ndi nthawi ya mwera. M'mawa nyanja imakhala bata ngati madzi a m'beseni, koma mphepo ikayamba kuomba kuchokera kummwera mafunde amakula ndipo mabwato onse amakokeredwa kumtunda. Masiku otero amuna amakhala pansi pa mango kusoka maukonde, bawo ili pakati. Usiku wopanda mwezi mphepo ikaleka, amalowa ndi chilimira ndi nyali zokopera usipa, ndipo ukaima pa gombe umaona mzere wa magetsi pakati pa madzi ngati tauni. Mayi a kunyumba anati, "Onani Area 25 ya kuno, yopanda blackout."

Za kondowole ndinene mwachidule. Tsiku loyamba ndinalimbana naye ngati ndikukoka labala. Tsiku lachinayi ndinapempha mtanda wachiwiri. Chinsinsi chake ndi msuzi wa nsomba yaiwisi, ndiponso osatafuna.

Koma chomwe ndalembera zonsezi ndi m'mawa wa tsiku lachisanu.

Bambo ake a mnyamata uja, munthu wa imvi koma wa mapewa ngati wa zaka 30, anandidzutsa kusanache. "Aphunzitsi, tiyeni mukaone mtsinje wanu." Tinalowa m'bwato atatu, iwo kumbuyo ndi nkhafi, mwana wawo kutsogolo, ine pakati nditagwira m'mbali ndi manja onse awiri. Tinatsata gombe mpaka mchenga unayamba kusanduka bango ndi gumbwa. Pa mapu, mtsinje umafika panyanja ngati mzere umodzi wa inki. Pamalopo sindikanadziwa n'komwe kuti tafika. Ndi timipata tamadzi pakati pa bango, milu ya mchenga, mbalame zambirimbiri, ndi mvuu zomwe tinangozimva kulira osaziona. Madalawo anaviika nkhafi n'kundionetsa kuti madzi ndi osaya, n'kuitulutsa nsonga yake ili matope okhaokha.

Anati nthawi ya dzinja madzi ofiira amalowa m'nyanja kutali kwambiri, ndipo umatha kuona malire ake ndi madzi oyera ngati wina wachita kulemba. Kenaka anayamba za mpasa.

Ana anga akale, mpasa tinkautchula m'kalasi pa mndandanda: chambo, kampango, usipa, utaka, mpasa. Basi. Zomwe anandiuza madalawo m'bwato muja sindinakuuzenipo chifukwa sindinkazidziwa bwino. Mpasa umakulira m'nyanja, koma suswana m'nyanja. Mvula ikamapita kumapeto umalowa m'mitsinje, kukwera kulimbana ndi madzi mpaka kukapeza malo osaya a nsangalabwi pomwe madzi ndi oyera ndiponso othamanga. Pamenepo ndi pomwe umaikira mazira, m'mipata ya timiyala. Tiana timakhala mumtsinje kaye tisanatsikire kunyanja. Matope akakwirira timiyalato, mazira amasowa mpweya n'kufa. N'chifukwa chake azungu amautcha lake salmon, ndipo umapezeka m'nyanja yathu ino yokha ndi mitsinje yake. Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa yomwe mpasa ukukwerabe, ndipo bungwe la IUCN linauika pa mndandanda wa nsomba zomwe zili pangozi yoti zitha.

Anatchulanso ntchila. Anati ali mnyamata inkagwidwa yodzaza mabwato, nayonso inkakwera mitsinje kukaswana, koma zidzukulu zawo sizikuidziwa maonekedwe ake.

Atatero anandifunsa, "Kodi paja kwanu n'kuti, aphunzitsi?"

Ndinati ku Madisi, bambo.

Anayang'ana nsonga ya nkhafi ija. "Ndiye dothi ili ndi lakwanu."

Ananena moseka, ndipo mwana wawo anaseka nawo. Ine ndinaseka mochedwa. Bambo anga anali mlimi wa fodya wa bale. Chaka chilichonse tinkadula mitengo ya zigafa, ndipo ya pafupi itatha tinkaitsata kumtsinje. Dimba lathu linkafika m'mphepete penipeni mwa madzi, bango tinalitentha tokha kuti tibzale chimanga chachiwisi ndi tomato. Sitinkaona cholakwa, ndipo kunena zoona ngakhale lero sindingawaimbe mlandu bambo anga. Fodya ameneyo ndiye anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1 mpaka kumaliza. Popanda zigafa zimenezo bwenzi pano ndilibe choko m'manja. Ndipo ndikukhala ku Kanengo, komwe nyengo ya msika ikafika malole a mabelo ochokera ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Ntchisi amandanda panjira ya ku okushoni, fungo la fodya lili tauni yonse. Maboma amenewo ndi omwe madzi ake amatsikira mu Bua. Ndakhala ndikudutsa malole amenewo popita kuntchito zaka zonsezi, kukalemba pa bolodi mawu oti "siltation" ndi kuwadula mzere kunsi, osaganizapo kuti dothi lake ndi liti, la m'munda mwa yani.

Mphunzitsi salola kugonja msanga, mukudziwa. Ndinati, koma bambo, inunso asodzi muli ndi mbali yanu. Si inu mumatchinga pakamwa pa mtsinje ndi maukonde nsomba zisanakwere? Nanga maneti a udzudzu omwe ndawaona pa gombe akukokera tiana ta nsomba? Nanga katupe amene ena amathira m'madzi?

Sanakane. Anati zonsezo n'zoona, ndipo iwonso anatcherapo pakamwa pa mtsinje chaka china njala itavuta. Anati nsomba yodzaza mazira ndi yomwe imalemera, ndi yomwe ogula amaifuna, ndipo munthu amene mwana wake wabwezedwa ku sukulu chifukwa cha fizi saiyang'ana m'mimba. Apa ndinakhala chete, chifukwa amene tinkabweza anawo ndi ife.

Chomwe chikuthandizako, malinga ndi iwo, ndi nkhalango. Chigawo china cha Bua chimadutsa mkati mwa Nkhotakota Wildlife Reserve, malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo kuyambira 2015 akuyang'anira ndi a African Parks. Ambiri timangokumbuka njovu pafupifupi 500 zomwe anazisamutsira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Koma mpanda ndi alonda omwe akuteteza njovuzo akutetezanso mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ndi malo a nsangalabwi aja. Mpasa ukangodutsa maukonde a kumunsi n'kulowa m'nkhalango, uli ndi mwayi. Chomwe mpanda sungatchinge ndi matope ochokera kwathu kumtunda.

Tinabwerera dzuwa litakwera, mwera ukuyamba, ine nditanyowa mpaka m'chiuno.

Madzulo a tsiku lomaliza anatikonzera chakudya chotsanzikana. Mnyamata uja anali atayenda wapansi kupita ku doko lina kukafuna chinthu chapadera choti aphunzitsi ake adye, ndipo anabwera nacho atachikulunga m'masamba a nthochi. Unali mpasa, wautali ngati mkono wanga kuchokera pa chigongono, wonyezimira ngati siliva. Amayi ake poutumbula anapeza mazira, n'kuwaika padera m'kambale kuti akazingire mwana wanga, poti ndiwo amakoma kwambiri.

Mundifunsa ngati ndinadya. Ndinadya, anzanga. Mukanakhala inu mukanakana bwanji, munthu atayenda mtunda wonse uja, ndalama yake atalipira, banja lonse likukuyang'anani? Ndipo sindinama, nsomba yokoma chotero sindinaidyepo chibadwire, ya mafuta, yosafuna ngakhale tomato. Mwana wanga, yemwe ndinali nditamufotokozera zonse za m'bwato muja monyadira, anayang'ana kambale kake n'kundifunsa mokweza kuti, "Adadi, ndiye amenewa sakafikanso ku timiyala tija?" Madala aja ndi amene anandipulumutsa. Anati, "Idya mdzukulu wanga, wafa kale ameneyo."

Titabwerera kuno tinapita ku chipatala kukayezetsa likodzo, ndipo nonse amene mungapiteko musaiwale zimenezi, mankhwala ake ndi a tsiku limodzi. Ndalama zonse zomwe tinaononga pa sabata imeneyo, kuphatikizapo shuga, sopo ndi mafuta ophikira zomwe tinawatengera, sizinafike pa zomwe ena amalipira usiku uwiri pa loji.

Sukulu itatsegulidwa ndinajambulanso Bua pa bolodi ku Fomu 3, ndipo ndinafunsa kuti ndi angati anaionapo nyanja ndi maso awo. M'kalasi la ana 84 anakweza manja 9. Mmodzi mwa iwo anatsitsanso, akuti iye amanena damu la Kamuzu ku Malingunde.

Chaka chino ndikufuna kupita nawo, osati ku Senga Bay koma komwe kuja. Madala aja avomera kudzawalankhula pansi pa mango, akuti bola asadzawafunse za Chingerezi. Makolo ena ayamba kale kusonkha pang'onopang'ono. Chatsala ndi galimoto. Ngati alipo mwa inu ana anga akale amene akugwira ntchito ya za mabasi kuno ku Kanengo, mundipeze ku staff room, nthawi ya break ndimakhalapo.