Ulendo wa ku phiri la Binga ufuna nyengo yake

Phiri lalitali kuposa onse m'dziko lino ndi Binga, la mamita 2,436, kumalire ndi Zimbabwe. Lili m'nkhalango ya Chimanimani, boma la Sussundenga, imene inakhala paki ya dziko mu 2020.

Banja lochokera ku Ulongwe limakwera chapa mpaka ku Tete, kuwoloka Zambezi, kudzera ku Catandica, kukafika ku Chimoio. Ana amafuna Disembala sukulu zikatsekera, koma nthawi imeneyo mitsinje imadzaza, njira zimaterera, ndipo chimanga chimadikira khasu. Makolo ochenjera amayamba akolola ndi kugulitsa kachewere, nanyamuka mu Ogasiti ndi mabulangete, pakuti kuphiri usiku kumazizira. Wolondolera njira wa komweko asasowe. Nkhungu ikatsika mlendo amasokera.