Bango Lothamanga Kuposa Basi

Mnyamata wina analemba kuti bango lothothoka panthambi yotalika mamita 4.5 limafika pansi likuthamanga mamita 88 pa sekondi. Amenewo ndi makilomita oposa 300 pa ola, katatu liwiro la basi yothamanga pamsewu wa M1. Bango lotere litagwera munthu pamutu, pamudzi pangagwe zovuta. Koma mwini yankho sanadabwe. Nambalayo anailemba mwaukhondo, n'kuidula mzere kunsi kawiri, n'kupita ku funso lotsatira. Ndipo wochonga, cholembera chofiira chili m'manja, anamupatsa malikisi atatu mwa anayi.

Wochongayo ndinali ine, ndipo funsolo ndinalipeka ndekha pa mayeso okonzekera a ophunzira fizikisi ya A Level. Mnzanga wophunzitsa Chingerezi atasuzumira papepalapo anandifunsa ngati ndayamba kugawa malikisi ngati chimanga cha chithandizo. Anthu ambiri amaganiza ngati iyeyu, kuti fizikisi ili ngati samu ya ku pulaimale: yankho likafanana ndi la aphunzitsi, chongani, likasiyana, thethani. Ntchito ikanakhala yotero, bwenzi tikuimaliza tiyi asanazizire.

M'Malawi muno A Level imaphunzitsidwa m'sukulu zowerengeka, monga Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, yomwe inatsegulidwa mu 1981. Amene amatsata silabasi ya Cambridge, ya nambala 9702, amalemba mapepala asanu: loyamba la mafunso 40 osankha yankho, lachiwiri ndi lachinayi a mafunso olemba ndi kuwerengetsa, lachitatu la m'labu, ndipo lachisanu lokonza dongosolo la kafukufuku ndi kusanthula zotsatira. Mayeso enieni amachongedwa ndi anthu a Cambridge. Ife aphunzitsi timachonga okonzekera, koma potsata ndondomeko yomweyo, imene bungwelo limatulutsa mayeso aliwonse akatha. Ndondomekoyi timangoitchula kuti mark scheme, ndipo munthu watsopano pantchito akaiona koyamba amakwinya nkhope, chifukwa pambali pa yankho lililonse pali chilembo: B, M, A kapena C.

B ndi maki yoima payokha. Mwana wanena mfundo yolondola, watenga. M ndi ya njira, ndipo njirayo iyenera kuoneka papepala ndi maso. A ndi ya yankho lenileni, koma ikatsamira pa M, siiperekedwa ngati M yasowa. C ndiyo yachifundo pang'ono: ndi ya sitepe ya pakati, yomwe wochonga amapereka ngakhale sinalembedwe, bola zimene zatsatira zikusonyeza kuti mwanayo anaidziwa.

Ndi zilembo zimenezi bango lija linaweruzidwa. Gawo loyamba linafunsa liwiro. Mnyamatayo anasankha fomula yoyenera, anachulukitsa 2 ndi 9.81 ndi 4.5, n'kupeza 88. Mpaka apa palibe cholakwa, C ndi yake. Koma 88 ndi liwiro lodzichulukitsa lokha, ndipo iye anaiwala kutenga square root kuti apeze 9.4. Apa A inapita. Gawo lachiwiri linati bangolo ndi la makilogalamu 0.30, pezani kinetic energy yake pofika pansi. Yankho loona ndi majulo 13. Iye anatenga 88 wake uja, anamuika mu fomula yolondola, anawerengetsa bwinobwino n'kupeza pafupifupi 1200. Nambala yabodza, fizikisi yoona. Pamenepa wochonga amalemba zilembo zitatu m'mphepete, ecf, kutanthauza kuti cholakwa changotsatira kuchokera m'mbuyo, ndipo amapereka malikisi onse. Mwana salipira mlandu umodzi kawiri.

Kunena n'kosavuta, koma apa ndi pamene msana umapwetekera. Kuti upereke ecf moona uyenera kutenga kakyuleta, kulowa m'nambala zolakwa za mwana, n'kuyenda nazo sitepe ndi sitepe ngati mlenje wolondola mapazi a nyama yovulala. Ana makumi atatu akalakwa m'njira khumi ndi ziwiri zosiyana, samu imodzi umaiwerengetsa kakhumi ndi kawiri. Wochonga waulesi amayang'ana mzere womaliza basi, ndipo ana amene amawabera malikisi ndi omwewo oganiza bwino koma othamanga dzanja.

Mtsikana wina pa funso lomwelo anapeza 9.5. Sindinafunikire kuwerenga ntchito yake kuti ndidziwe kumene anachokera. Ku MSCE ambiri tinazolowera kutenga mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi ngati 10, koma pepala la Cambridge limapereka 9.81 kumasamba ake oyambirira, ndipo ndi imeneyo ofunsa amayembekezera. Wina analemba 9.4 yekha, popanda mzere ndi umodzi womwe wa ntchito. Malamulo amati atenge malikisi onse awiri, ndipo ndinampatsa, mtima usakufuna. Tsiku limene chala chake chidzaterereka pa kakyuleta adzatuluka chimanjamanja, chifukwa sipadzakhala chilichonse choti ndigwirepo.

Pali mtundu wa funso umene umavumbula akuba. Limati: onetsani kuti liwiro ndi 9.4. Yankho laperekedwa kale, malikisi onse ali pa njira. Apa mumaona luso lodabwitsa. Mwana amayamba ndi fomula yosayenera, amasokoneza nambala mizere itatu, kenako mwadzidzidzi 9.4 amatulukira kumapeto ngati wachita kugwa kumwamba. Nthawi zina ndimaseka ndekha usiku, koma maki sindipereka.

Nambala, komabe, si zimene zimandisowetsa tulo. Ndi mawu.

Mwana woganiza m'Chichewa ali ndi liwu limodzi, mphamvu, pa zinthu zitatu zimene fizikisi imazisiyanitsa kotheratu: force, energy ndi power. Ng'ombe ili ndi mphamvu, batire latha mphamvu, injini ya chigayo ndi yamphamvu. Pakhomo zonsezi n'zolondola. Papepala la mayeso, force imayezedwa m'manyutoni, energy m'majulo, power m'mawati, ndipo kuika limodzi pamalo pa linzake ndi kulakwa fizikisi, si kungophonya Chingerezi. N'chimodzimodzi kulemera, komwe kumanyamula mass ndi weight. Liwiro, lomwe limanyamula speed ndi velocity. Kutentha, komwe kumanyamula heat ndi temperature. Ndikawerenga chiganizo choti batire limapereka power ku ma electron, ndimamva Chichewa chimene chili kunsi kwake, ndipo nthawi zambiri ndimadziwa kuti mwanayo akuona chinthu cholondola m'mutu mwake. Koma wochonga wa kutali sadzamva Chichewacho. Adzaona liwu lolakwika. Ndikamukomera mtima pano, ndamukumbira dzenje la pa mayeso enieni a mu June. Choncho ndimathetha, n'kulemba liwu loyenera pambali, ndipo mawa lake phunziro limayambira pamenepo.

Lamulo lachitatu la Newton ndi msampha wa chaka ndi chaka. Funsani za buku lili patebulo. Theka la kalasi lidzati kulemera kwa buku ndi kukankha kwa tebulo ndiwo mapasa a lamuloli, poti n'zofanana kukula ndi zotsutsana kolowera. Ayi. Zonse ziwirizo zikugwira pa buku lomwelo, pamene mapasa enieni amagwira pa zinthu ziwiri zosiyana: dziko likukoka buku, bukunso likukoka dziko. Ochenjera ena amalemba mayankho onse awiri, loona ndi labodza, poganiza kuti wochonga asankha yekha lomukomera. Sitisankha. Mfundo ziwiri zikatsutsana, maki imafa.

Pepala la m'labu lili ndi miyambo yakeyake, ndipo pano wochonga amagwira rula kuposa cholembera. Mutu wa danga lililonse patebulo la zotsatira uyenera kukhala ndi dzina la chinthu choyezedwa ndi muyezo wake. Madontho a pa galafu ayenera kutenga theka kapena kuposa la pepala, m'litali ndi m'lifupi. Sikelo yokwera ndi ma 3 siiloledwa, chifukwa palibe angaiwerenge mosavuta. Dontho lisakhale chibulunga chonenepa kuposa theka la kabokosi kakang'ono, ndipo makona atatu opezera kutsetsereka kwa mzere ayenera kukuta kuposa theka la mzerewo. Ndiye pali funso lofunsa zofooka za kafukufuku, kumene ana amakonda kulemba mawu awiri, human error. Mawu amenewa salandira kanthu. Amene walemba kuti kunali kovuta kudziwa nthawi yeniyeni yoimitsira wotchi poti chinthucho chimayenda mofulumira, n'kunena kuti angajambule kanema wotchi ikuonekera momwemo, ameneyo watenga. Iye ananenadi chimene chinavuta m'manja mwake.

Chovuta cha ife ochonga ana athu omwe n'chakuti timadziwa nkhope. Umadziwa kuti uyu amadzuka m'bandakucha kuwerenga, uyu bambo ake akudwala, uyu amayankha bwino m'kalasi. Dzanja limafuna kumaliza chiganizo chimene mwana sanamalize. Ochonga a Cambridge, omwe masiku ano amagwira ntchito zambiri pa kompyuta, amayamba achonga mapepala oyeserera kuti onse ayende mofanana, ndipo ntchito ili m'kati amasakanizidwira mapepala ochongedwa kale kuti aoneke ngati ayamba kupatuka. Ife tilibe zimenezo, ndiye timapanga zathu. Ndimapinda tsamba la dzina. Ndimachonga funso limodzi pa mapepala onse ndisanapite ku lina, kuti muyezo usasinthe. Ndikatha, ndimabwerera ku mapepala asanu oyamba, poti ndinazindikira kalekale kuti ndimayamba wankhanza n'kumaliza wofatsa, makamaka magetsi akazima ndipo ndikuchongera tochi ya foni. Yankho likandiika pakati, ndimapita nalo kwa mnzanga wa masamu osamuuza mwini wake.

Pobweza mapepala ndinamuitana mnyamata wa bango uja.

"Kwanu kuli mitengo ya mango?"

"Ilipo yambiri, sala."

"Bango likagwa limakumba dzenje lakuya bwanji?"

Anayang'ana papepala, anayang'ana ine, kenako anagwira pakamwa. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndinamuuza kuti maki imodzi yokha ndiyo anataya, koma kuti maki imeneyo ikanabwerera akanangoima n'kudzifunsa ngati anaonapo bango lotere.

Patapita miyezi iwiri ndinawapatsa funso la waya wokhuthala mamilimita 0.50, kuti apeze kukula kwa nkhope yake akaudula. Ambiri amagwa pawiri apa: ena amaiwala kugawa 0.50 pakati, yankho n'kukula kanayi, ena amaiwala kuti kusintha mamilimita kupita ku mamita, pa chinthu cha mbali ziwiri, n'kugawa ndi miliyoni osati ndi 1000. Papepala la mnyamata uja panali 0.196 m², omwe ndi waya wonenepa theka la mita, pafupifupi ngati mgolo wa madzi. Koma nambalayo inali yodulidwa ndi mzere umodzi. Pambali pake anajambula kamgolo kakang'ono ndi pensulo, n'kuikapo chizindikiro cha funso, ndipo kunsi kwake analemba 1.96 × 10⁻⁷ m². Ntchito yodulidwa imene yalowedwa m'malo sitiiwerenga. Ndinachonga yachiwiriyo, C ndi A, n'kutembenuza tsamba.