Multimeter ikaonetsa 14.4V, musafulumire kusangalala

Anzanga angapo a engineering atengeka ndi maganizo ochotsa batire la galimoto n'kuikapo ma supercapacitor. Inenso ndimawakonda: amatchajika msanga, amatulutsa current yambiri nthawi imodzi, ndipo amapirira kutchajidwa kambirimbiri kuposa batire wamba. Chomwe sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chosiya balancing kuti tidzaiona ndalama zikatsala.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ma supercapacitor ambiri safunika kupitirira 2.7V. Alternator ya galimoto imatchaja pafupifupi pa 14.4V, ndiye timalumikiza asanu ndi limodzi mu series kuti onse pamodzi athe kupirira 16.2V. Papepala aliyense amalandira 2.4V, palibe vuto.

Koma ngakhale atachokera fakitale imodzi, safanana ndendende. Mu series onse amalandira charge yofanana, choncho yemwe ali ndi capacitance yochepa ndi amene voltage yake imakwera kwambiri. Tiyerekeze kuti asanu ndi a 3000F, mmodzi watsika kufika 2400F. Asanuwo adzakhala pa 2.3V, wofookayo pafupifupi 2.9V. Multimeter yanu, yoyeza onse pamodzi, idzaonetsabe 14.4V ngati zonse zili bwino. Pamenepo electrolyte ya mkati mwa wofookayo ikuwonongeka, mpweya ukupangika, capacitance ikutsikabe, ndipo ikatsika voltage yake imakweranso. Palinso vuto lina: aliyense amataya magetsi pang'onopang'ono mkati mwake pa liwiro lakelake, kotero pakapita masiku kusiyanako kumasintha.

Njira yotchipa ndi kuika resistor yofanana pa supercapacitor aliyense. Imagwira ntchito, koma imadya magetsi usana ndi usiku. Galimoto ikakhala masiku osalizidwa, mudzaipeza yopanda mphamvu. Ine ndimasankha kabolodi ka balancing, monga tija timagwiritsa TL431 ndi transistor, komwe kamatsegula njira yotayira magetsi pokhapokha cell ikafika malire. Dziwani kuti current yomwe kamataya ndi yochepa, choncho yambani mwatchaja pang'onopang'ono, mukuyeza cell iliyonse payokha.

Tisadzinamizenso pa mphamvu. Asanu ndi limodzi a 3000F mu series amakhala 500F, ndipo pa 14.4V amasunga pafupifupi 14Wh. Batire la 12V la 60Ah limasunga pafupifupi 720Wh. Kuliza injini angakwanitse. Kusiya wailesi ndi magetsi zili zoyaka injini itazima, kapena kuwalitsa nyumba ndi sola usiku wonse, iwalani.

Ndiye ngati project yanu ya chaka chomaliza ndi imeneyi, kabolodi ka balancing kalowe mu bajeti tsiku lomwelo mukugula ma supercapacitor. Mu lipoti lanu musalembe voltage imodzi yokha. Lembani zisanu ndi imodzi.