Lusaka wa maluwa obwereka

Mu Okutobala, basi yochokera ku Lilongwe ikadutsa Mwami, Chipata ndi Petauke n'kuyamba kutsetsereka mapiri a ku Nyimba kulowera pa mlatho wa Luangwa, munthu wokonda mitengo sawodzera. Dzuwa limakhala likuswa mtengo, udzu utapita ndi lupsa, mvula itasiya kalekale, koma thengo litavala. Miombo yaphuka masamba ofiira, muwawani wachita chikasu thupi lonse, muwale wayaka psuu wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Palibe amene anaithirira mitengoyi.

Mlembi wa nkhani ino anafika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka, mumsewu wa Dedan Kimathi, maso atakhuta zimenezi, ndipo anayembekeza kukumana nayonso mitengoyi m'mabwalo a nyumba za mumzinda.

Lusaka ndi wokongoladi nyengo imeneyi, zimenezo n'zosachita kutsutsana. Mzindawu unakhala likulu mu 1935 m'malo mwa Livingstone, ndipo pulani imene Stanley Adshead anajambula mu 1931 inali ya mzinda wa minda ndi misewu yamithunzi. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga maloto amenewo akuonekabe. Jakaranda amayala maluwa ake pansi mpaka phula kubisika, flamboyant akuyamba kufiira, bougainvillea wakwera mipanda ya njerwa n'kugwera kunja.

Koma onsewa ndi obwera. Jakaranda ndi bougainvillea kwawo ndi ku South America, flamboyant ndi wa ku Madagascar, ndipo mitengo yowongoka ija ya ashok imene yandanda m'mphepete mwa mipanda inachokera ku India. Ku South Africa, kumene Pretoria amatchuka ndi jakaranda, boma linamuika kale m'gulu la zomera zachilendo zolanda malo. Ku Lusaka akumudzalabe, ngati mmene tikuchitira ife ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Chimene chinamuwawa mlendoyu chinachitikira m'mbali mwa Great East Road, kufupi ndi thanki ya madzi ya ku Chelstone. Kumeneko, monganso m'misewu ina yambiri, amayi ndi anyamata amayala mbande m'timapepala takuda: duranta, marozi, kanjedza wokongoletsa, kapinga. Malonda ake ndi otentha, magalimoto amaima motsatizana.

"Amayi, muwale muli nawo? Nanga muwawani?" anafunsa mlendoyo.

Amayiwo anaidziwa mitengo yonse iwiri, ndipo anafotokoza mmene agogo awo kumudzi ankaphikira makungwa a muwawani munthu akadwala m'mimba. Koma anati imeneyo ndi mitengo ya kuthengo, palibe bwana angatsike m'galimoto kudzagula chinthu chomera chokha kumunda. Ali mkati molankhula, panafika bambo wina amene anagula tikanjedza tiwiri tofika m'chiuno, n'kupereka mosanenerera ndalama zoti n'kugula thumba la ufa. Tikanjedza timeneto tidzafuna madzi mpaka kalekale, pomwe mthunzi wake sungakwane ndi nkhuku yomwe.

Amayi aja sanalakwe, amafesa zimene anthu akugula. Vuto lili kwa ife ogula, amene tinaphunzitsidwa kuti duwa lenileni ndi lochokera kutsidya kwa nyanja.

Chikhalirecho mumzindawu madzi ndi nkhani yaikulu. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, kenako kuli gwa. Nyumba zambiri za ku Kabulonga zimadalira mijigo yopopa ndi magetsi. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pa ngozi yogwera dziko, madzi a ku Kariba anatsika, magetsi n'kumathima nthawi yaitali, mapampu n'kukhala chete. Kapinga ndi marozi sapirira zoterezi. Muwawani sadziwa n'komwe kuti pampu yaima.

Ndipo mitengo ya kuno yoyenera pakhomo ilipo yambiri. Wofuna maluwa ofiirira ngati a jakaranda ali ndi Bolusanthus speciosus, mtengo waung'ono umene maluwa ake amalendewera m'mikoko mvula isanayambe. Alinso ndi bwazi, wa fungo lokoma lomveka patali, ngakhale kuti ndi wovuta kuwokera ndipo mizu yake ili ndi poizoni. Wofuna oyera ali ndi naduwa, amene amachita mbuu dzinja lisanafike, njuchi n'kumasonkhana. Muwale umakoka mbalame za choso, ndipo mbewu zake zofiira za kadontho kakuda ana amapanga mikanda. Mvunguti umatsegula maluwa ake usiku kuti mileme idzamwe timadzi, koma umafuna bwalo lalikulu, ndipo wanzeru saimika galimoto pansi pake, chifukwa chipatso chake chikathothoka galasi silipulumuka.

Ku Kabwata mapuloti ndi aang'ono, ndipo pakhomo pamalamulira mango, mapeyala ndi magwafa, zomwe n'zomveka chifukwa ana amadya. Komabe pakona pa mpanda pangakwane mphandula, chitsamba cha maluwa oyera opotanapotana chimene chimachita maluwa mvula ikakhazikika. Pa Kabwata Cultural Village, mumsewu wa Burma, pamene pasungidwa nyumba zozungulira zofolera ndi udzu za ogwira ntchito a nthawi ya atsamunda, amisiri amasema ng'oma, mipando ndi ziboliboli. Mitengo ya m'thengo imalemekezedwa pamenepa itafa kale. Ina imalowa mumzinda m'matumba a makala, pa malole ndi pa njinga.

Masiku otsala a ulendowu anathera kwa abale ndi m'mamini basi, kupatulako masana amodzi ku Munda Wanga, ku Chilanga, munda umene Ralph Sander anayambitsa cha m'ma 1950. Mthunzi wake ndi wotsitsimula, koma nawonso unatchuka ndi zomera zosonkhanitsidwa kumaiko akutali.

Mlembiyu sakunena kuti jakaranda wa ku Kabulonga agwetsedwe. Mitengo yakaleyo ndi mbiri ya mzindawu, ndipo yambiri yapita kale pokuza misewu. Akunena za mbande zimene zidzalidwe mvula ikubwerayi. Khonsolo ya mzinda ndi nthambi ya zankhalango zitayamba kudzala mitengo ya kuno m'misewu ndi m'masukulu, eni nyumba angaione ili pa maluwa n'kuyamba kuifunsa, ndipo amayi a ku Chelstone angayambe kuifesa. Ntchito yakenso si yovuta. Mbewu za muwawani zimangofuna kuviikidwa m'madzi otentha n'kugonamo usiku umodzi. Muwale sulira n'komwe mbewu: kudula nthambi yonenepa ngati mkono kumapeto kwa chilimwe, kuizika m'dzenje, ndipo mvula ya Novembala ikagwa imagwira, monga mmene makolo ankamangira mipanda ya makola ku Katete ndi ku Mchinji.